Nyimbo ya sitima ya ku Joni inandidwalitsa, koma sindinaisiye

Ndinabadwira ku Mufakose, mu Harare momwemuno, m'banja la anthu ochokera ku Dedza, ndipo ntchito yanga ndi yautelala. Kuyambira ndili wamng'ono phokoso limandilowa mosiyana ndi anzanga. Gule akatuluka pamaliro, ana onse ankathamangira kumene kukulira mbalule, ine n'kukabisala kuseri kwa nyumba zala zili m'makutu. Maikolofoni ikalira tswii m'tchalitchi, mutu unkandipweteka mpaka madzulo. Akuluakulu ankangoti, "Ameneyu ndi wamantha, adzasiya akadzakula." Ndinakula koma sizinathe. Ndinangophunzira kukhala pampando wakumbuyo m'kombi, kutali ndi wailesi, ndi kudutsa msanga pa Copacabana pamene mahwindi, anyamata oitanira makombi, akuitanira anthu. Zimene ndikulemba pano ndikulembera aliyense amene thupi lake lili ngati langa, komanso amene akulera mwana wotere.

Amalume, alongo awo a amayi, ndi munthu wa jazi. Anakulira ku Mbare nthawi imene magulu oimba ankadzaza Stodart Hall ndi Mai Musodzi Hall, ndipo mpaka pano ali ndi bokosi la mbale zagalamafoni pansi pa bedi. Hugh Masekela, woimba lipenga wa ku South Africa, atamwalira mu Januwale 2018, zinawakhudza kwambiri. Patapita nthawi, m'nyengo yozizira, anamva kuti anyamata ena a muno akaimba nyimbo za malemuyo pamalo ena odyera chakumpoto kwa tawuni. Anagula matikiti awiri, imodzi madola 15, n'kubwera kushopu kwanga.

"Naphiri, tseka msanga lero. Tiye ukamve nyimbo ya agogo ako."

Ndinafunsa kuti ndi nyimbo yanji. Iwo anangoseka, amvekere, "Ukaimva komweko." Ankafuna kuti indidzidzimutse mokoma, ndipo mtima wawo unali wabwino. Koma kwa munthu ngati ine, kudzidzimutsidwa ndiko kumavulaza. Ukadziwa kuti phokoso likubwera, thupi limakonzeka ndipo umapirira. Likakugwera mosayembekezera, ngakhale litakhala locheperapo, limakugwetsa.

Malowo anali chipinda chachitali, denga lalifupi, makoma a simenti opanda katani ngakhale imodzi. Magetsi anali atazima dera lonselo, ndiye jenereta inali kulira kuseri kwa khitchini, kulira kosalekeza kumene ena saakumva koma ine ndimakumva m'mano. Poti makutu a amalume anali atayamba kugontha, anasankha tebulo lakutsogolo penipeni. Sipika yakumanzere inali pafupi moti ndikanatha kuigwira nditakhala. Anthu anadzaza, mipando inathithikana kumbuyo kwathu, njira yopita kukhomo n'kutsekeka.

Nyimbo zoyamba zinali bwino. Lipenga linkaimba mofatsa, ndipo ndinayamba kuganiza kuti mwina usikuwu udutsa. Mutu unali utayamba kulemera pang'ono ndi fungo la mowa, utsi wa nyama yowotcha ndi nyali zofiira zimene zinkathwanima, koma zinali zopiririka. Panopa ndikudziwa kuti kulemera kumeneko ndiye chenjezo. Zinthu zimaunjikana. Jenereta, fungo, kuwala, kuthithikana, chilichonse chimadyako mphamvu zako, ndiye chachikulu chikamafika chimakupeza ulibe potsamira.

Chakumapeto anayamba Stimela, nyimbo ya Masekela ya sitima ya ku Joni. Woimba ng'oma anayamba kugogoda kabelu kachitsulo, ng'oma n'kumakwera, kumakwera, kumathamanga, mpaka zonse zinaphulika kamodzi. Ndinalumpha pampando. Kenako kunagwa bata. Gitala ya besi inkayenda pansipansi, ndipo woimba anayamba kuyankhula ndi mawu otsika kwambiri, kutchula mayiko amene sitima yamalasha inkatengako amuna kupita nawo kumigodi ya Johannesburg. Anatchula Malawi. Amalume anandigwira dzanja. Ine ndinaweramira kutsogolo kuti ndimve bwino mawuwo, poti anali apansi, khutu langa n'kuyandikira sipika ija. Ankanena za maola ambirimbiri a pansi pa nthaka, malipiro osaoneka, chakudya cha m'mbale zachitsulo, akazi ndi ana osiyidwa kumudzi. Misozi inali itayamba kale kulengeza. Ndiye woimbayo anakoka mpweya, pakamwa pali pamaikolofoni penipeni, n'kukuwa motsanzira kulira kwa sitima.

Ndinamva ngati wina wandilasa singano ya makina m'khutu lakumanzere mpaka kukatulukira kunsagwada. Manja anachita dzanzi. Thukuta linatuluka msana wonse ngakhale kunali kozizira, mseru n'kukwera. Anthu anali kuimba mluzu ndi kuwomba m'manja, lipenga linalowa mwamphamvu, ndipo ine ndinafuna kunena kuti amalume tiyeni tituluke koma lilime linakana. Mawu ndinali nawo m'mutu, pakamwa osatuluka. Ndinaimirira, n'kuyamba kukankha mipando ya anthu manja ali m'makutu. Ena anaganiza kuti ndaledzera.

Panja ndinakhala pansi pafupi ndi magalimoto, thupi lonse njenjenje. Mlonda wa pamalopo, bambo wachikulire wa Chishona, ndi amene anandithandiza kuposa wina aliyense, ndipo anachita zochepa kwambiri. Sanandigwire, sanandifunse mafunso. Anandibweretsera mpando wake, anauika kutali ndi jenereta, anandipatsa madzi, n'kuima chapatali. Amalume atatuluka ali ndi nkhawa anayamba kundigwedeza phewa akufunsa kuti chachitika n'chiyani, ndipo funso lililonse linkandiwonjezera ululu. Ngati muli ndi munthu wafika pamenepa, chitani ngati mlonda uja. Muchotseni paphokoso, musamuzungulire, musamuthire madzi kumutu, musamupempherere mokweza m'khutu. Adzayankhula yekha thupi likakhazikika. Makombi anali atatha, ndiye takisi yokatisiya ku Mufakose inatidya madola 20.

Ndinkayembekezera kuti ndikagona zitha. M'mawa khutu linali kulira lokha, kaphokoso kopyapyala kosatha, ndipo thupi linali lofooka zedi. Nditabwerera kushopu, makina a ovaloko amene ndagwira nawo ntchito zaka zambiri anandikanika. Ndikangoponda, mutu waa. Ndinali ndi oda ya mayunifomu a sukulu, ndinalephera kuimaliza pa nthawi yake, ndipo ndinabweza ndalama imene anali atapereka kale. Mwezi umenewo lendi ya shopu anandilipirira ndi mchemwali wanga.

Kunyumba nkhani inatenga njira ina. Amayi atamva kuti zinachitika pa nyimbo ya kumigodi, anati si matenda a kuchipatala amenewa. Agogo aamuna anali mmodzi mwa machona, anachoka ku Dedza ali mnyamata ndipo anaikidwa kuno osaonanso kwawo. Amayi anati mzimu wawo ukudandaula. Azakhali ananditengera kumapemphero a usiku. Sindinyoza pemphero, ndimapemphera mpaka lero, ndipo iwo anachita zimenezi chifukwa chondikonda. Koma kumene tinapitako kunali masipika akuluakulu, ng'oma, ndi anthu ofuula atandizungulira. Ndinabwerako nditaipiraipira, iwo n'kumati ndiye kuti chinthucho chikulimbana. Milungu inapita tikuzungulira pamenepo.

Kukiliniki anandiyeza BP, anaunika m'makutu, anati mulibe phula kapena mafinya, n'kundipatsa mankhwala opha ululu. Anachita mbali yawo, koma chida chounikira chija chimangoona njira ya khutu ndi nembanemba yake, sichingaone mmene ubongo ukulandirira mawu. Potuluka ndinalowa m'famase n'kugula timasiponji totsekera m'makutu, dola imodzi. Tsiku loyamba ndinamva mpumulo umene ndinali ndisanaumvepo. Ndiye ndinayamba kutivala tsiku lonse, kushopu, m'kombi, kunyumba, ngakhale pogona.

Apa ndi pamene ndikufuna muwerenge mofatsa, chifukwa palibe anandichenjeza. Patapita miyezi ingapo, ndikachotsa timasiponjito, supuni ikagunda mbale ndinkamva kuwawa. Kuseka kwa mwana wa mchemwali wanga kunkandithamangitsa m'chipinda. Madzi otuluka pampopi ankandisokosa. Dziko langa linachepa mpaka kutsala chipinda chimodzi, ndipo ndinayamba kukhala wokwiyakwiya, wosafuna alendo. Ndinkaganiza kuti matenda akukula okha.

Amene ananditsegula maso ndi kasitomala, mayi wina wophunzitsa ana amene ali ndi autism, vuto la kakulidwe ka ubongo limene limakhudza kachezedwe ndi kamvedwe ka zinthu. Anabwera kudzayesa diresi, ndipo pamene wina anagwetsa sizasi pansi anaona mmene ndinadzidzimukira. Anandifunsa modekha ngati nyali zowala kwambiri, fungo lamphamvu kapena kachizindikiro ka kukhosi kwa malaya zimandivutanso. Zonse ndinati inde. Iye anati ana ambiri a m'kalasi mwake ali chimodzimodzi, ndipo akuluakulu otere aliponso ambiri, ena ali ndi autism, ena ayi. Anandiuza kuti ndisafune dokotala wamba koma audiologist, katswiri woyeza kamvedwe. Akatswiri amenewa si ambiri muno. Ndinadikira milungu ingapo kuti ndipeze tsiku, ndipo poti ndilibe medical aid ndinalipira madola 60 a m'thumba. Ndikaphatikiza ndi zimene zinapita m'maulendo ena aja ndi oda imene inatayika, ndalama imeneyi inali yochepa kwambiri, ndipo ikanakhala yoyamba kutuluka.

Anandilowetsa m'kachipinda kotsekedwa bwino, n'kundiveka mahedifoni. Poyamba ankaimba timawu tating'onoting'ono, ine n'kumadina batani ndikamva. Pamenepo ndinakhoza bwino, makutu anga samva moperewera. Kenako anayamba kukweza pang'onopang'ono, atandiuza kuti ndikweze dzanja pamene payamba kusautsa. Ndinakweza dzanja msanga kwambiri, pamlingo umene anthu ambiri amati ndi wabwinobwino. Anati vutoli limatchedwa hyperacusis. Anafotokoza kuti ubongo uli ndi njira yake yokwezera kapena kutsitsa mawu olowa, ndipo ukaumana mawu nthawi yaitali, monga ndinachitira ndi timasiponji tija, umakweza kwambiri pofunafuna chomva. Ndiye ukachotsa chotsekeracho, chilichonse chimalowa chokwezedwa. Chimene ndinkati chikunditeteza ndicho chinkakulitsa vuto.

Anandipatsanso manambala amene ndimawasungabe. Mawu amayezedwa m'ma decibel. Bungwe la World Health Organization limati munthu wamkulu angamvere phokoso la ma decibel 80 kwa maola 40 pa mlungu popanda kuwononga makutu, koma likafika 90 nthawiyo imatsika kufika maola 4 okha. Malo oimbira amalangizidwa kuti asapitirire 100. Anatsindika kuti manambalawa ndi onena za kuwonongeka kwa khutu la munthu aliyense, pamene ululu wanga umayamba kutali tisanafike pamenepo. Kumva kuwawa sikutanthauza kuti nthawi zonse khutu likuwonongeka. Mawu amenewo anandichotsa mantha ambiri, chifukwa mantha nawo amakulitsa kumvako.

Malangizo ake anali osavuta kunena, ovuta kuchita. Kusiya timasiponji pang'onopang'ono, kuyambira m'nyumba. Kusakhala m'chipinda cha zii, koma kusiya kawailesi kakuimba motsika kapena fani ikuzungulira, ngakhale usiku. Zotsekera kuzisungira malo aphokoso lenileni okha, ndipo zikhale zimene amavala oimba, zokhala ndi kasefa, zimene zimatsitsa mawu onse mofanana osawasokoneza. Zangazo anandibweretsera msuweni wochokera ku Joni, zinakwana pafupifupi madola 25. Kusintha kunatenga miyezi, ndipo panali milungu imene ndinkabwerera m'mbuyo, makamaka ndikatopa kapena ndikapanda kugona.

Nyimbo ija inkandivutitsabe mumtima. Inali ya agogo anga, ndipo ine ndinaithawa ndisanaimve n'komwe. Tsiku lina Lamlungu masana ndinapempha amalume kuti abwere nayo kunyumba. Tinagwiritsa kasipika kakang'ono, titakaika patebulo kutali nane, osati mahedifoni, foni ili m'manja mwanga kuti woimitsa ndikhale ine. Tinamvera imene Masekela anajambula pamaso pa anthu ku Blues Alley, malo oimbira jazi ku Washington, mu 1993, ya mphindi pafupifupi 10. Amalume anandiuza kuti ogulitsa zoimbira zodula amakonda kuyesera masipika awo nyimbo imeneyi, chifukwa mtunda wa pakati pa mawu ake otsikitsitsa ndi okwezetsa ndi waukulu kwambiri. Pamenepo ndinamvetsa msampha umene ndinagwamo. Mawu oyankhula aja ndi apansi, ndiye umakweza voliyumu kapena kusendera pafupi kuti umve, ndipo kulira kwa sitima kumakupeza utatsegula makutu onse. Njira yake ndi kuyamba ndi malo okweza kwambiri. Amalume anapita nayo panja, anapeza pamene pali kukuwa paja, anatsitsa mpaka pamlingo woti ndingapirire, n'kulemba papepala mphindi imene kukubwera. Voliyumu sitinaikhudzenso. Mphindiyo ikamayandikira ankakweza chala.

Ndinaimva yonse. Ndinalira, koma kunali kulira kwina. Usiku uja ululu wa m'khutu ndi chisoni cha mumtima zinabwera nthawi imodzi n'kupiringizana, moti sindikanatha kusiyanitsa. Ulendo uno khutu linali phee, chisoni chokha ndicho chinalowa, ndipo chisonicho ndinkachifuna.

Nyimbo itatha amalume anafotokoza zimene anali asanandiuzepo. Agogo analembedwa ndi Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito ya kumigodi ya ku Joni, m'zaka za m'ma 1950. Ankawanyamula pa ndege kuchoka ku Nyasaland kukatera ku Francistown, ku Botswana, kuchokera kumeneko n'kukwera sitima mpaka ku Joni. Atamaliza kontirakiti anaima ku Salisbury, Harare wa lero, kuti apezeko kandalama kowonjezera asanapite kumudzi, anapeza ntchito, anakwatira, basi osapitirizanso. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown komweko n'kupha anthu oposa 70, ambiri mwa iwo Amalawi obwerera kwawo, ndipo Dr Banda analetsa kulemba anthu a kumigodi. Chaka chomwecho ndi chimene Stimela inatuluka koyamba. Masekela anabadwira ku Witbank, tawuni yamalasha, mu 1939, ndipo ali mwana ankakhala ndi agogo ake aakazi amene ankagulitsa mowa kwa anthu a m'migodi. Amuna amene akuwaimbawo anawaona ndi maso ake. Anachoka m'dziko lake mu 1960, chaka chimene apolisi anapha anthu 69 ku Sharpeville, ndipo nyimboyi anaipeka ali kunja.

Nditadziwa zimenezi ndinasiya kukwiyira anyamata oimba aja. Kukuwa kumene kuja kuli m'malo mwake. Nyimbo yotsutsa nkhanza imapangidwa dala kuti ikusowetse mtendere, ikunyengerere ndi mawu apansi kenako ikugwedeze, chifukwa ikunena za anthu amene anakuwa popanda wowamva. Sindingapemphe woimba kuti aifewetse chifukwa cha ine. Chimene ndingapemphe n'chakuti andiuze chikubwera, ndipo eni malo asiye njira yotulukira yosatsekedwa ndi mipando. Ena amati ngati nyimbo yotere yakugwetsa ndiye kuti waimvetsa kuposa ena. Si zoona. Usiku uja sindinamvetse kanthu, ndinangovulala.

Pali zina zimene sindinazikwanitsebe. Amalume ali ndi mbale ya Max Roach, woimba ng'oma wa ku America, ya mu 1960 yotchedwa We Insist!, imene boma latsankho la ku South Africa linailetsa. M'kati mwake muli chigawo chimene mayi woimba, Abbey Lincoln, amakuwa ndi mawu ake onse, pali ng'oma zokha zomuperekeza. Anandichenjeza bwino, tinatsitsa, koma thupi linakanabe. Chigawo chimenecho timachidumpha, n'kumvera zotsalazo. Kukuwa kwa munthu kumandilowa moposa lipenga kapena ng'oma, ngakhale kutakhala kotsika, ndipo ndaona kuti ndi bwino kuvomereza malire amenewo kusiyana n'kudzikakamiza n'kugona masiku awiri.

Kokamvera oimba ndinabwererako. Ndimasankha zapabwalo, monga zochitikira ku Harare Gardens, chifukwa panja mawu sagunda makoma n'kubwerera, ndipo ukatalikira sipika kuwirikiza kawiri phokoso limatsika ndi ma decibel pafupifupi 6. Ndimafika msanga, ndimakhala kumbuyo chakumbali kumene njira ili yotseguka. Ngati n'kotheka ndimapita kwa mnyamata woyendetsa zokuzira mawu n'kumufunsa mndandanda wa nyimbo, ndipo ambiri amandionetsa mosavuta. Zimene sindikuzidziwa ndimazimvera kaye pafoni motsika. Ndimadya ndisanapite, ndimavala zotsekera za kasefa zija oimba asanayambe, osati mutu utayamba kale kulemera, ndipo ndalama ya takisi imakhala padera m'kachikwama. Ndi amene ndapita naye timagwirizana chizindikiro. Ndikamugwira chigongono kawiri, timatuluka popanda kufunsana. Tsiku lotsatira sindilonjeza kasitomala aliyense kuti adzatenge chovala.

Kwa makolo, mwana amene amatseka makutu pagule, paukwati kapena m'tchalitchi sakuchita mwano ndipo si wamantha. Musamukokere pafupi ndi ng'oma kuti azolowere, komanso musamutseke makutu tsiku lonse. Muuzeni zimene zikubwera, muimike chapatali, mumulole kuchoka akafuna, ndipo mukapeza ndalama mukamuyezetse.

Amayi amakhulupirirabe kuti agogo anali ndi mbali yawo pa nkhaniyi, ndipo sitikanganapo. Amalume, ataona pepala la zotsatira zanga, anapita nawonso kukayezetsa. Anapezeka kuti makutu onse awiri anatsika kwambiri pa mawu opyapyala, chifukwa cha ukalamba ndi zaka zambiri zokhala pafupi ndi masipika. Akufunika timakina tothandiza kumva, ndipo mtengo wake ndi madola mazana angapo, ndiye ife a mbumba yawo tikusonkha mwezi ndi mwezi.